MLIMI NDI WASAYANSI M'MUNDA UMODZI

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nchito yofufuza nzeru zatsopano za ulimi, imene ophunzira aicha kafukufuku. Ambiri a ife tikamva mau akuti wasayansi, m'mtima mwathu tiona munthu wobvala mkanjo woyera, wokhala m'nyumba ya mabotolo ndi masikelo, amene akatsiriza kuyesa zinthu zace atuma mlangizi kumudzi kukauza anthu cocita. Mbali ya mlimi ndi kumva ndi kucita basi. Njira imeneyi inalipo, ndipo m'malo ena ikalipobe. Koma iripo njira yina, imene wasayansi ndi mlimi afufuza pamodzi m'munda umodzi, yense ndi mbali yace. Ndipo masiku ano, pamene mvula yaleka kusunga nyengo zace, njira yaciwiriyi yakhala yofunika kopambana. Kuti ndisakambe za m'malere, nditenga citsanzo ca m'dziko lathu lomwe lino, ca nchito imene inacitika ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ndi m'midzi ya cigawo ca kum'mawa.

Tiyambe ndi nthaka. Makolo athu analibe fetereza, koma nzeru yosamala nthaka anali nayo. Munda ukaguga, cimanga cikayamba kufupika ndi kucita masamba acikasu, iwo anali kuusiya napita kukaswa mphanje kwina. Munda wosiyidwawo ndiwo tsala. Patsala pamayamba kumera udzu, pambuyo pace zitsamba, potsiriza mitengo. Masamba amagwa caka ndi caka naola, mizu imatsika pansi nikweza cakudya cimene mvula inakokera kunsi. Ndipo patapita zaka 15 kapena 20 mdzukulu amadza nalimanso pamenepo, napeza nthaka yakuda. Njira imeneyi inali yabwino, koma inali kufuna dziko lalikulu ndi anthu owerengeka. M'dera la Chipata, limene kale linali kuchedwa Fort Jameson, kupanikizana kunayamba msanga, cifukwa m'masiku a atsamunda malo ambiri abwino anapatulidwa kukhala mafamu a Azungu, eni dziko naunjikidwa m'malo ocepa. Anthu anaculuka, zaka za tsala zinafupikirafupikira, kufikira mabanja ena analeka konse kugoneka munda.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linalimbikitsa cimanga ca haibridi ndi fetereza wa mtengo wotsika, ndipo bungwe la Namboard ndi makoparativi anali kufikitsa fetereza kumidzi ndi kugula cimanga. Kwa zaka zambiri kuguga kwa nthaka kunabisika pansi pa thumba la fetereza. Koma Namboard inathetsedwa mu 1989, ndipo m'zaka zotsatira Boma linacotsa dzanja lace pa mtengo wa fetereza. Mtengo unakwera, ngongole za alimi zinasowa. Pamwamba pa izi panadza cirala ca 1991 ndi 1992, cimene akulu ambiri acikumbukirabe, cimene cinapsereza minda kuyambira kuno kufikira ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Mlimi anatsala ndi munda woguga, wopanda mphanje yoti athawireko, wopanda ndalama ya fetereza, ndi mvula yosadalirika.

Mu 1987 bungwe lofufuza za kulima mitengo pamodzi ndi mbeu, lochedwa ICRAF, la ku Nairobi, linayamba nchito pa siteshoni ya Boma ya Msekera pamodzi ndi akatswiri a Unduna wa Malimidwe. Wotsogolera nchitoyo kwa zaka zambiri anali Dr. Freddie Kwesiga, wa ku Uganda. Pofunsa alimi m'midzi za bvuto lao lalikulu, yankho linali lomwelo paliponse: nthaka yatha mphamvu, ndipo fetereza sitimkwanitsa. Pamenepo ganizo la akatswiriwo linali lotere. Tsala la makolo lifuna zaka zambiri cifukwa mitengo imera yokha pang'onopang'ono; nanga bwanji munthu atabzala dala mitengo yokula msanga, yodziwa kudyetsa nthaka, kuti tsala litsirize nchito yace m'zaka 2 kapena 3? Anayesa mitundu yambiri, ndipo umene unapambana sunali wocokera kutali ai. Unali jerejere, uja umera wokha m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo, umene m'mabuku uchedwa Sesbania sesban.

Mphamvu ya mtengo umenewu iri m'mizu. Mukazula nsawa kapena nyemba mudzaona timibulu tating'ono tomamatira ku mizu. M'timibulu timeneto mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tikoka mumpweya cakudya ca mbeu cochedwa naitrojeni, comweco cimene tigula m'thumba la fetereza wa yureya. Jerejere ndi mbale wace wa nsawa ndi nyemba, ndipo popeza ndi mtengo, acita nchitoyi mopambana. Masamba ace ndi ang'ono ndi ofewa. Agwa ambiri naola msanga. Mizu yace itsika kupitirira pamene mizu ya cimanga ifika, niboola nthaka yolimba. Mthunzi wace upha udzu, ndipo ngakhale kaufiti, mdani uja wa cimanga m'minda yoguga, acepa m'munda umene munali jerejere.

Zotuluka ku Msekera zinali zokondweretsa ndithu. Pa munda umene unagona zaka 2 ndi jerejere, cimanga cosathira fetereza cinabereka kuposa matani 5 pa hekitala, ndiko kunena matumba oposa 100 a makilogalamu 50. Pamene pa munda woyandikana nao, wolimidwa cimanga caka ndi caka popanda fetereza, sicinafike matani 2. Kuonjezera apo, mitengo yodulidwayo inapatsa nkhuni zambiri. Dr. Kwesiga ndi mnzace Richard Coe anasindikiza zimenezi mu 1994. M'njira yakale nkhani ikadathera pompo: kulemba kabuku, kuitana alangizi, kuwatuma kumidzi.

Koma taganizani za siteshoni ya Boma. Iri ndi mpanda wa waya, ndipo ng'ombe sizilowamo. Iri ndi anchito olipidwa pa mwezi, amene apalira tsiku limene auzidwa. Iri ndi madzi othirira nazale, ndi galimoto yonyamula mbande. Munda wa pa siteshoni ukagona zaka 2 wosabala cimanga, palibe mwana agona ndi njala. Tsono cimene siteshoni iyesa ndi mtengo ndi nthaka cabe. Siingathe kuyesa munthu, ndi nthawi yace, ndi njala yace, ndi mbuzi za mnansi wace. Izi ziyesedwa kumudzi kokha, ndipo woziyesa ndi mwini munda.

Cifukwa cace, kuyambira ca m'ma 1992, nchito inatuluka kumpanda nilowa m'midzi ya m'maboma a Chipata, Katete ndi Chadiza. Ndipo minda yoyesera inagawidwa patatu. M'minda yina wasayansi anali kukonza zonse ndi kuyang'anira zonse, mlimi nangobwereketsa malo. Apa anali kufuna kudziwa ngati mtengo udzacita pa nthaka ya mcenga monga unacitira pa katondo. M'minda yina wasayansi anali kupereka dongosolo, koma wogwira nchito anali mwini munda. Apa anali kuwerenga masiku a nchito ndi ndalama zolowa ndi zotuluka. Koma gawo lacitatu ndilo lindikondweretsa ine. Mlimi anali kupatsidwa mbeu ya mitengo ndi kuuzidwa zimene zinapezeka ku Msekera, ndipo pamenepo anali kusiyidwa kuti acite monga afuna. Abzale pamene afuna, motalikana monga afuna, asakanize ndi cimene afuna. Wasayansi anali kudza pambuyo ndi kabuku kace kudzafunsa kuti, Mwacita bwanji, ndipo cifukwa ninji?

Kwa munthu wophunzira ici si capafupi. Iye wazolowera kuti munda woyesera ukhale wa mizere yoongoka ndi miyeso yofanana, ndipo munthu wosintha dongosolo amuyesa woononga nchito. Kubvomera kuti kusinthako ndiko yankho la funso lako kufuna mtima wodzicepetsa, umene masukulu athu sauphunzitsa kwenikweni.

Ndipo tisayese kuti nzeru yofunsa eni dziko inayamba mu 1992. Kuyambira 1932 Mngelezi wina, Colin Trapnell, anayenda dziko lino, kwambiri wapansi ndi amtengatenga, kulemba za nthaka ndi mitengo ndi malimidwe. Ndipo zambiri za m'mabuku ace a 1937 ndi 1943 anazimva kwa akulu a m'midzi, amene anali kuzindikira nthaka yabwino poona mtundu wa mitengo ndi udzu womerapo. Koma Trapnell anafunsa, nalemba, napita. Cacilendo ca m'zaka za m'ma 1990 cinali cakuti mlimi analeka kukhala wongoyankha mafunso. Iye mwini anali kuyesa, ndipo zoyesa zace zinali kubwerera ku siteshoni kukasintha nchito ya kumeneko.

Tsono alimi anasintha ciani? Tiyambe ndi mbande. Ku Msekera mbande za jerejere zinali kuleredwa m'timatumba ta pulasitiki, kamtengo kamodzi m'kathumba kamodzi. Pa siteshoni palibe bvuto. Koma mitengoyi ibzalidwa motalikana mita imodzi mbali zonse, ndiko kuti mitengo 10,000 pa hekitala, kapena 4,000 pa ekala. Werengani nokha: timatumba 4,000 togula ndi ndalama, todzaza dothi ndi manja, tothirira masabata angapo, ndi kutisenza pamutu kucokera kudimba kufikira kumunda wa kumtunda, pa nthawi yomweyo imene cimanga cifuna kubzalidwa ndi kupaliridwa. Anthu a kum'mawa adziwa kuokera fodya ndi ndiwo zamasamba kuyambira kale. Tsono alimi ena anacita ndi jerejere monga acita ndi fodya: anazula mbande zopanda dothi, naziika m'beseni, nakaziokera tsiku la mvula. Zinagwira. Asayansi ataona, anabwerera nazo ku siteshoni, naziyesa mwa njira yao yowerenga, napeza kuti alimi anacita zoona. Ndipo kuyambira pamenepo kufesa pa bedi ndi kuokera mbande zozula ndiko kunalangizidwa kwa onse. Ine ndiyesa kuti popanda kusintha kumeneku, jerejere akadatsala m'kati mwa waya wa ku Msekera.

Kusintha kwina kunacokera m'mimba. Dongosolo loyamba linali lakuti munda ugone ndi mitengo yokha zaka 2. Mlimi wa munda waukulu angathe kutero. Koma mai wamasiye wa maekala 2 ukamuuza kuti theka la munda wace lisabale kanthu madzinja awiri, adzangokuyang'ana nakhala cete. Cotero ambiri anabzala timitengo pakati pa cimanga m'caka coyamba, pamene tikali tating'ono tosaphimba mbeu. Kupalira kumodzi kunatumikira zonse ziwiri, banja linakolola kanthu, ndipo dzinja limodzi lokha ndilo linapita lopanda cimanga. Apanso siteshoni inatsata mapazi a mudzi, niyesa njirayo. Mitengo icedwa pang'ono kukula ikapikisana ndi cimanga, koma kwa banja losauka cimanga ca caka coyambaco ndico ciliyeneretsa kuyesa konse.

Ngakhale posankha mtengo, alimi sanasankhe monga wasayansi akadasankhira. Pa sikelo jerejere ndiye anali patsogolo. Koma ambiri anakonda ombwe, citsamba cija cimene asodzi akale anali kusinja masamba ace kuledzeretsa nsomba, cimene m'mabuku cichedwa Tephrosia. Ombwe safika pa jerejere pa kudyetsa nthaka, koma safuna nazale. Ungobzala njere m'munda monga ubzalira nyemba, ndiponso ziweto sizimkonda. Ena anasankha nyamundolo, amene anzathu a ku Malawi amucha nandolo, cifukwa pokonza nthaka apatsanso ndiwo. Wasayansi anali kufunsa kuti, Ndi mtengo uti ubweretsa matumba ambiri pa hekitala? Mlimi anali kufunsa kuti, Ndi mtengo uti ubweretsa matumba ambiri pa tsiku limodzi la thukuta langa? Mafunso awa ndi awiri, ndipo mayankho ace safanana nthawi zonse. Akatswiri a zacuma a m'gulumo, monga Steven Franzel, anawerenga phindu mwa njira zonse ziwiri, la pa malo ndi la pa nchito ya munthu.

Zokolola za m'minda ya alimi sizinafike pa zija za ku Msekera, ndipo ici sicidabwitsa. Koma m'minda yambiri cimanga cotsatira tsala la mitengo cinaposa kawiri kapena katatu ca munda wosathira kanthu. Mbiri inayenda ndi miyendo, munthu kuona kwa mnansi wace nakapempha njere. Alimi oyesa, amene poyamba anali owerengeka, anafika pafupi 3,000 ca m'ma 1997, ndipo m'zaka zotsatira anapitirira pamenepo kutali, mothandizidwa ndi alangizi a Boma, mipingo, ndi mabungwe monga World Vision. Aphunzitsi ambiri a nchitoyi anali alimi okhaokha.

Adani naonso anaonekera. Kunadza kacirombo kodya masamba a jerejere, kamene m'zaka zina kanali kusiya mbande ziri timitengo tokhatokha; ndipo Dr. Gudeta Sileshi, wa ku Ethiopia, anatha zaka kuphunzira moyo wace wa kacirombo kameneka. Kunapezekanso kuti jerejere ndi ombwe asunga m'mizu mwao tinyongolotsi tija totupitsa mizu ya fodya, kotero kuti mlimi wa fodya ayenera kucenjera pa kasinthidwe ka mbeu zace. Adani awa ndi gawo la wasayansi; iye ali ndi galasi lokuza zinthu, ndipo mlimi payekha sakadawazindikira msanga. Koma analipo adani ena awiri amene galasi silingawagonjetse, ndiwo ng'ombe ndi moto.

Mwambo wathu tiudziwa tonse. Anthu akakolola, minda isanduka ya onse. Ng'ombe ndi mbuzi zimasulidwa kuti zidye mapesi paliponse pamene zifuna, kufikira mvula idza. Nthawi yomweyo anyamata atentha chire posaka mbewa, ndipo ndani wa kum'mawa angatsutse kukoma kwa mbewa? Mwambo umenewu unakhazikika pamene m'munda wa m'cirimwe munalibe kanthu koma mapesi. Tsopano munali mitengo yobiriwira, thukuta la banja lonse, imene gulu la ng'ombe lingaithyole masana amodzi, moto nuitsiriza madzulo. Palibe mankhwala a m'botolo a bvuto lotere. Nkhaniyi inapita kumene nkhani zonse za malo zipita, ndiko kwa mafumu. M'zaka za m'ma 1990 mafumu aakulu a Acewa ndi Angoni anamva madandaulo a obzala mitengo, naika malamulo akuti ziweto zikhale ndi mbusa ngakhale m'cirimwe, ndi kuti anthu asatenthe chire mwacisawawa.

Malamulowa sanagwire mofanana paliponse. Ng'ombe iri ndi mwini wace wodziwika, koma moto ulibe mwini. Ukafunsa kuti anauyatsa ndani, upeza kuti mudzi wonse unali m'tulo. Ndiponso lamulo lothandiza wobzala mitengo lilemetsa mwini ng'ombe, amene tsopano afuna mbusa caka conse. Ndipo mbusayo kawirikawiri ndi mwana woyenera kukhala kusukulu. Asayansi, monga Dr. Oluyede Ajayi, anabwerera m'midzi kukafufuza za malamulo omwewo: awadziwa ndani, awasunga ndani, apindula ndani, alira ndani. Onani kumene nchito inafika. Inayamba ndi timibulu ta pa mizu, nifika pabwalo la mfumu.

Nanga zimenezi zikhudzana bwanji ndi kusintha kwa nyengo? Dziko lapansi likutentha cifukwa ca kutenthedwa kwa malasha ndi mafuta ndi kutha kwa nkhalango. Mpweya wotuluka m'zimenezi uunjikana kumwamba nusunga kutentha monga bulangete. Caka ca 2024 cinatentha kopambana zaka zonse zimene zinalembedwa kufikira pamenepo. Kuno kwathu alimi aona kuti mvula icedwa kuyamba, ikagwa igwa yamphamvu nthawi imodzi, nileka masabata angapo pamene cimanga cimasula ngayaye. M'mwezi wa February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala pafupi 1 miliyoni a cimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni obzalidwa, anali ataonongeka.

Fetereza wa m'thumba adyetsa mbeu, koma sasunga madzi; caka ca cirala mlimi ataya cimanga ndi ndalama ya fetereza pamodzi, natsala ndi ngongole. Masamba oola afewetsa nthaka, ndipo njira zimene mizu ya mitengo inaboola zitsala zotseguka. Mvula ikagwa ilowa pansi m'malo mothamangira kumtsinje ndi dothi, ndipo cinyontho cikhalitsa kuposa m'munda woguga. Masiku owerengeka a cinyontho nthawi zina ndiwo asiyanitsa nkhokwe yodzala theka ndi nkhokwe yopanda kanthu. Mu 2012 Dr. Sileshi ndi anzace anasonkhanitsa zokolola za zaka zoposa 10 za m'minda yoyesera ya ku Zambia ndi ku Malawi, napeza kuti cimanga colimidwa pamodzi ndi mitengo yodyetsa nthaka sicinali kukwera ndi kutsika kwambiri caka ndi caka monga cimanga colimidwa cokha. Koma ndisakunyengeni: mtengo sugwetsa mvula m'munda mwanu. Mvula ikakana mwezi wathunthu ndi theka, cimanga ca pa nthaka iriyonse cidzauma.

Pano palinso cifukwa cina cimene wasayansi sangayende yekha. Kale siteshoni imodzi inali kuyankhira cigawo conse, poyesa kuti nyengo ya caka cino idzafanana ndi ya caka catha. Tsopano mvula igwa ku Katete nilumpha Chadiza. Ndipo yankho lopezeka pa malo amodzi m'zaka 3 lingakalambe lisanasindikizidwe. Minda yoyesera yambiri yomwazika m'midzi, uliwonse ndi mwini wace woupenya tsiku ndi tsiku, iona zimene siteshoni imodzi siingaone.

Kumene nkhani ya jerejere inathera sikokoma kokhakokha. Mu 2002 Boma linayambanso kuthandiza alimi pa mtengo wa fetereza, ndipo m'kupita kwa zaka ndalama za nchito zina za mitengo zinatha, magalimoto naleka kufika m'midzi. Alimi ena analeka. Tsala la zaka 2 libvuta kwa munthu wa malo ocepa, ndipo zikapita zaka 2 kapena 3 za cimanga mphamvu yace itha, munthu nayambanso nazale. Cifukwa cace ambiri anatembenukira ku gliricidia, mtengo wocokera ku Central America, umene ukaudula uphukanso. Ubzalidwa kamodzi m'mizere pakati pa cimanga, nudulidwa kangapo pa caka, masamba ace nakwiriridwa m'nthaka. Motero munda sugona konse. Njira imeneyi inayesedwa zaka zambiri ku Makoka, pafupi ndi Zomba, kumene minda ndi yocepa kopambana kuno. Ndipo bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, linaifalitsa kwa alimi ambiri a kum'mawa ndi a m'cigwa ca Luangwa.

Ulipo ndi msangu, umene sanaubweretse munthu aliyense. Mtengo uwu ucita zosiyana ndi anzace: uyoyola masamba mvula ikayamba, nuphuka m'cirimwe, motero suphimba cimanga, koma ucithirira manyowa pa nthawi yace. Atonga a kumwera ndi anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi anadziwa ici kalekale, nasiya misangu m'minda mwao pogwetsa mitengo yina. Apa asayansi ndiwo anali ophunzira. Cimene iwo anaonjezera ndi njira yolerera mbande ndi muyeso wa kabzalidwe, mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala. Koma msangu ufuna munthu woleza mtima, pakuti phindu lace lioneka bwino patapita zaka zambiri.

Tsono mau kwa inu amene mudzalandira alendo otere m'mudzi mwanu, pakuti akubwerabe, ena ndi mbeu zopirira cirala, ena ndi zoyesera mvula, ena ndi mauthenga a nyengo a pa foni. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mutu wometedwawo ndi wanu. Funsani poyamba ngati adzabwera kudzakuuzani zimene apeza, ndipo adzabwera liti. Funsani kuti mbeu ikalephera, wotaya ndani. Musayese cinthu catsopano pa munda wonse. Patulani mizere yowerengeka, ndipo pambali pace siyani mizere yina yolimidwa mwa njira yanu yakale, pa nthaka yofanana, yobzalidwa tsiku lomwelo; pakuti popanda mizere yaciwiriyi simudzadziwa ngati cakupatsani cimanga ndi mtengo kapena mvula. Mwana wa sukulu alembe m'kope tsiku lobzala, masiku a mvula, masiku amene munagwira nchito, ndi madengu amene munakolola mbali iyi ndi mbali iyo. Ndipo mukasintha dongosolo limene anakupatsani, musabise poopa kuti adzakwiya kapena kuti dzina lanu lidzafafanizidwa. Auzeni cimene mwasintha ndi cifukwa cace, ndipo penyetsetsani kuti acilemba m'kabuku kao.